Dzina Limene Apongozi Anga Anakalipeza ku Kabulonga

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirireni apongozi anga, amake Yohane, ndipo ana anga ayamba kale kulimbana za mwala wa pamanda. Wina akufuna vesi, wina akufuna chithunzi, wina akuti simenti yasowa m'tawuni muno ngati ufa, tidikire kaye. Ine ndangokhala chete poti ndine mtengwa, manda ali ndi eni ake. Komabe ndinakhala nawo nyumba imodzi ku Kabwata kuyambira chaka chimene dziko linalandira ufulu mpaka tsiku limene tinawanyamula, ndiye pali zina zimene ndikuzidziwa ine ndekha.

Anali mayi wamfupi, wa mawu aakulu, woyenda ngati wasiya mphika pamoto. Pamsika wa Kabwata ankagulitsa fodya wa mphuno, akumayeza ndi kachivindikiro ka botolo. Chodabwitsa n'chakuti iwo eni fodyayo sankagwirizana naye. Ankangoti akatsegula chitini, n'kuyamba kuyetsemula mpaka misozi, tsiku lonse lathunthu. Nditangokwatiwa ndinawafunsa chifukwa chimene sankagulitsira tomato ngati anzawo. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana, n'kundiuza kuti tomato amagula ndi atsikana, koma fodya amagula ndi nkhalamba, ndipo iwo ankafuna nkhalambazo.

Nkhalamba ikaima pa tebulo lawo, fodya ankayamba wadikira. Ankaifunsa kwawo, mtsinje umene inkatungako madzi, mfumu ya m'mudzi wake, ndiponso ngati inamvapo za mudzi wa Kamphanje, cha kufupi ndi Chipata. Woyankha bwino ankamuwonjezera kachivindikiro kena. Woyankha kuti anabadwira mu Lusaka momwemu ankamuyezera ndendende, osapitirira ngakhale pang'ono.

Chimene ankafuna chinali chimodzi chokha: dzina la amayi awo. Amayiwo anamwalira apongozi anga ali kumsana. Atate awo anapita kukagwira ntchito kumigodi ya kummwera n'kutchona, ndipo mwanayo anakulira kwa azakhali ake, kumudzi wina pafupi ndi mishoni, kumene anabatizidwa. Kwathu mkazi akavinidwa chinamwali, dzina lake la paubwana limaikidwa pambali, kumutchula nalo ndi kumunyoza. Amaitanidwa ndi chiwongo, akabereka amaitanidwa ndi dzina la mwana, akamwalira amangokhala malemu. Choncho aliyense ankangoti malemu Anabanda. Ali kamtsikana anafunsapo azakhali awo kuti Anabandawo dzina lawo lenileni anali ndani, ndipo anawabwanyula pakamwa. Pamene anakula n'kulimba mtima, azakhaliwo anali atapita, ndipo anthu a ku Kamphanje anali atabalalika kalekale, atachotsedwa kuti pamalopo pakhale mafamu a azungu.

Kumpingo kwathu mwezi wa Novembala ndi wa akufa. Banja lililonse limalemba maina a abale ake pa pepala, n'kuponya m'dengu patsogolo pa guwa, ndipo mainawo amawerengedwa mokweza pa Misa. Apongozi anga sankatha kulemba, choncho wolemba ndinali ine. Ankanditchulira amuna awo, ana awo awiri amene anafa ali makanda, azakhali aja owabwanyula pakamwa, koma pamwamba penipeni pa pepala ankandiuza kuti ndisiyepo mpata. Chaka ndi chaka pepala lathu linkalowa m'dengu ndi mpata umenewo. Ankati sakufuna kufa asanamve dzina la amayi awo likuwerengedwa m'nyumba ya Mulungu, ndipo tsitsi litayamba kuyera, ankanena zimenezi pafupipafupi.

Amuna anga a Yohane, amene ankagwira ntchito ya ukalaliki m'maofesi a ku Longacres, zimenezi zinkawatopetsa. Ankawauza amayi awo kuti angolemba Anabanda, nkhani ithe. Apongozi ankayankha kuti kumwamba Anabanda adzaza ngati anthu mu Cairo Road Loweruka lakumapeto kwa mwezi, ndipo ukangoitana kuti Anabanda atembenuka onse, pemphero lako n'kugawidwa mpaka osakwanira munthu. A Yohane ankati Mulungu si kalaliki wa positi kuti asokoneze makalata. Apa apongozi ankangowauza kuti adye, chakudya chikuzizira.

Mkangano waukulu unali ndi katekisiti wathu wa nthawi imeneyo, bambo wouma mutu koma wabwino mtima. Atamva zimene apongozi ankafuna, ananena kuti ngakhale dzinalo lipezeke, munthu amene anafa wosabatizidwa sangawerengedwe pamodzi ndi akhristu. Apongozi anamutsatira mpaka panja pa tchalitchi, anthu akuona, n'kumuuza kuti amayi awo sanakane ubatizo, koma ubatizo ndi umene unachedwa panjira, ndipo ngati pali woimbidwa mlandu ndi amene anaunyamula akuyenda pang'onopang'ono. Nkhaniyo inafika kwa ansembe, amene anagamula kuti aliyense angathe kupemphereredwa, n'kuwonjezera mowatonthoza kuti Mulungu akulidziwa kale dzinalo. Apongozi anathokoza mwaulemu, atagwada. Tili panjira anandiuza kuti n'zoona Mulungu akulidziwa, koma wopemphayo ndi iwo, ndipo mwana wosadziwa dzina la mayi wake amachita manyazi pamaso pa alendo, nanji pamaso pa Mulungu.

Anapitako kwawo kamodzi, ufulu utabwera, poganiza kuti mwina manda angawauze kanthu. Kumishoni anawatsegulira mabuku akale, ena atadyedwa ndi chiswe, koma munthu wosabatizidwa sakanapezekamo ngakhale chiswe chikanakhala chaulemu. Pamene panali Kamphanje anapeza waya ndi munda wa fodya mpaka kumapiri, mitengo ya kumanda itadulidwa. Anabwerako ndi miyendo yotupa ndi kathumba ka mtedza wa mbewu. Sanadandaule. Anangoti anthu a ku Kamphanje sali ku Kamphanje, ali mu Lusaka muno kwa ana awo, ndipo adzawapeza.

Ndiye anayamba za maliro. Kulikonse kumene kwafa munthu wa kummawa, kaya ku Chilenje, ku Matero, ku Woodlands, apongozi anali pomwepo ndi chitenje chawo chakuda, ngakhale womwalirayo sanamuonepo ndi maso. Sankapita kukangodya. Ankatunga madzi, ankaimba, ankatsuka mbale, kenaka n'kusuzumira m'nyumba kufunafuna mayi wokalamba kuposa onse, n'kukhala pafupi naye ndi kachitini m'manja. Mnansi wathu Bana Mulenga, Mubemba amene tinkaseka naye zachimbuya, chibale cha nthabwala cha Abemba ndi ife a kummawa, ankawakuwira pa mpanda akawaona akumanga duku: “Imwe ba mbuya, maliro yonse ya mu Lusaka ni yanu? Muzayamba kufika munthu akalibe kufa!” Apongozi ankamuyankha kuti ku maliro ake okha ndi kumene adzafike msanga chotero, kuti aone ngati Abemba amafadi kapena amangonama.

Zaka zinapita choncho, ndipo ine ndinali nditaleka kukhulupirira kuti chidzapezeka kanthu. Nthawi ya chipani chimodzi itafika, pamsika panavuta, achinyamata a chipani akufunsa makhadi pa geti, ndipo fodya naye anayamba kusowa. Apongozi khadi analigula n'kumalisunga m'chitini cha fodya momwemo, mwakuti aliyense wolifunsa ankayetsemula. Kufunsa nkhalamba ndiye sanaleke.

Uthenga unachokera ku maliro a ku Chelstone. Mayi wina anawauza kuti ku Kabulonga, kumayadi, kuli gogo wina, Anatembo, wobadwira ku Kamphanje, amene mwana wake anamubweretsa m'tawuni chifukwa cha maso. Mwanayo anali khukhi panyumba ya bwana wina wamkulu. Apongozi anandiuza kuti ndiwaperekeze, poti kumayadi kuli agalu ndipo ine ndimatha kuwerenga manambala a pa mageti.

Tinapita masana a Lachinayi. Khukhi uja anatilowetsera ku geti la kumbuyo, n'kutipitiriza kuseri kwa nyumba yaikulu mpaka pa kanyumba ka antchito. Anatembo anali atakhala pa thumba padzuwa, munthu wochepa ngati mwana, maso atayera onse awiri. Apongozi anagwada, anapereka moni wa kwathu, n'kuwaika fodya m'manja. Gogoyo ananunkhiza, nayamikira kuti ameneyu ndi fodya, osati fumbi limene mwana wake ankamugulira. Za Kamphanje ankadziwa zonse: mtsinje, mtengo wa mkuyu pa bwalo, chaka chimene anasamutsidwa. Apongozi atatchula atate awo ndi kunena kuti iwo ndi mwana wa malemu Anabanda, amene anafa mwana ali kumsana, gogoyo anati inde, ankawadziwa, anavinidwa limodzi, anali munthu wabwino.

Apongozi anapempha dzina. Anapempha mofatsa, anafotokoza za dengu ndi za mpata wa pa pepala. Anatembo anapukusa mutu. Anati iwo ndi munthu woleredwa, sangatchule dzina la paubwana la mayi wa mwini, makamaka wakufa, pamaso pa mwana wake ndi mtengwa. Apongozi anachonderera mpaka misozi, koma gogoyo anangobwereza kuti anali munthu wabwino, tiwasiye agone. Ine mtima unandiwawa kwambiri. Dzinalo linali pomwepo, m'kamwa mwa munthu amene tinkatha kumukhudza ndi dzanja, ndipo munthuyo anali wa masiku ochepa. Ndinayamba kumanga chitenje kuti tizipita.

Apongozi anandigwira mwendo kuti ndikhale pansi. Zaka zonse zija pamsika zinawaphunzitsa kumva munthu akamayamikira chinthu chimene sakuchifuna, ndipo iwo anali ataona mmene pakamwa pa gogoyo pankapotokera ponena kuti munthu wabwino. Anapukuta misozi, n'kuyamba kulankhula ndi mawu ena, okoma, ngati akucheza chabe. Anati palibe kanthu, dzina lisiyeni, chowatonthoza n'chakuti kulikonse kumene amapita amamva mbiri ya amayi awo. Akuti pamtondo panalibe wowaposa m'Kamphanje monse. Akuti pa chinamwali chawo anthu sanayang'ane namwali wina aliyense. Akuti atate atangowaona kudambo, atsikana ena onse a m'mudzimo anaoneka ngati zitsa.

Zonsezi ankangopeka pomwepo, ine ndikudziwa. Dzanja la Anatembo linaima m'malere ndi fodya, lisanafike pamphuno.

“Anakunamiza ndani zimenezo, mwana iwe?” anatero gogoyo, mawu atakwera. “Tisiyenji? Tisiyenji uja wosinja mphale yotsala madeya? Mwamuna uja anali wanga ine. Ananditomela ine, mkanda wake ndinavala ine, mudzi wonse ukudziwa. Tisiyenji anachita kundilanda ndi kuseka kwake kopanda ulemu kuja!”

Ine ndinasowa poyang'ana. Khukhi uja anatuluka m'khitchini ndi mpeni m'manja, n'kuyamba kupepesa kuti amayi ake ukalamba wawasokoneza. Apongozi anamukwezera dzanja kuti akhale chete. Dzanja linalo linali litandigwira pamkono mwamphamvu mpaka zikhadabo kulowa, ndipo milomo yawo inkayenda popanda mawu, akubwereza dzinalo kuti lisawathawe. Atatero anasendera pafupi, n'kufunsa mwaulemu wonse kuti kodi Tisiyenjiyo analakwanso chiyani china.

Mlandu unalipo wambiri, ndipo unasungidwa bwino. Tisiyenji anali wamanzere, ankaphika ndi dzanja lolakwika. Anali ndi mpata m'mano ndipo ankauonetsa dala. Akaseka kudambo, anthu ankamva ali kumudzi. Ankathyola nkhaka m'minda ya eni ake, n'kumadya akuyenda. Apongozi ankangoti “Ee, kenaka?” uku akuwonjezera fodya. Pomaliza gogoyo, atatopa, ananena chimene kwa iye chinali mwano woposa wonse.

“Ndipo atakubala iwe ndiye ananyanya. Sankalola munthu kukunyamula, ngati kubala anayamba ndi iye. Ngakhale atadwala chomwecho, miyendo ikukana, iwe kumsana basi. Tinachita kukumasula ife tsiku limene anafa.”

Apa apongozi sanafunsenso. Anaweramitsa mutu. Moyo wawo wonse anthu ankawauza kuti amayi awo anali munthu wabwino, mawu amene amanenedwa pa maliro a aliyense. Tsiku limenelo anawapeza amayi awo enieni, akuba nkhaka, akuseka mokweza, akukana kuwatsitsa kumsana. Mu minibasi pobwerera analira poyera osabisa nkhope, ndipo kondakitala, mnyamata wa pakamwa, anangowadumpha osawalipiritsa. Titatsika ku Kabwata anayamba kuseka, n'kundifunsa ngati ndinaona kuti iwonso ali ndi mpata m'mano.

Loweruka lotsatira anapita kukalapa bodza lija. Anabwerako akudandaula kuti ansembe anawapatsa chilango chochepa, ngati sanamvetse kukula kwa ntchito imene anagwira.

Novembala wa chaka chimenecho ndinalemba dzinalo pamwamba pa pepala. Anandiimirira kumbuyo, ngakhale sankatha kuwerenga, kuti aone ngati ladzaza mpata wonse. Wowerenga maina pa Misa anali katekisiti yemwe uja. Atafika pa pepala lathu anachita kaye kakhosi, kenaka n'kuwerenga bwinobwino, momveka mpaka kumbuyo. Apongozi sanalire. Anandigunda ndi chigongono m'nthiti, n'kunong'ona kuti, “Wamva?” Kenaka anakhala tsonga, manja pamiyendo, ngati munthu amene katundu wake wafika yense.

Ife tinkayesa kuti za Kabulonga zatha, koma mwezi uliwonse ankakwera basi ndi fodya, nthawi zina ndi shuga akapezeka atafola pamzere, kupita kukatukwanitsa amayi awo. Ankabwerako osangalala ndi kanthu katsopano: kuti Tisiyenji ankaopa achule, kuti anapsereza mowa wa maliro a mfumu. A Yohane ankati sanaonepo munthu wolipira basi kuti akamve mayi ake akunyozedwa. Anatembo atayamba kufooka, apongozi anawafunsa dzina lawo la paubwana, n'kuwauza mosabisa kuti akapanda kunena adzasowa ngati mmene anasowera mnzawo. Gogoyo anakana miyezi ingapo, kenaka ananena yekha kuti ndi Mwanida. Gogoyo atamwalira, apongozi ndi amene anasambitsa thupi. Chaka chimenecho anandilembetsa Mwanida pansi pa Tisiyenji penipeni, akuti awiriwo akamalizire nkhani yawo ali pafupi.

Kuchokera pamenepo anayamba khalidwe limene linatichititsa manyazi tonse. Ankati ulemu ndi umene unawatayira amayi awo, ndipo iwo safuna kutayika mwaulemu. Novembala akafika ankaimika adzukulu pamzere kuti aliyense atchule dzina la agogo akewo mokweza. Ana ankasangalala nazo, akumakuwa mpaka Bana Mulenga kusuzumira pa mpanda. A Yohane ankatuluka m'nyumba. Ine ankandisiyira kumapeto, ndipo chaka chilichonse lilime linkakana. Kulemba ndikanalemba, koma kutchula dzina la apongozi iwo ali pomwepo, amayi anga sanandilere choncho. Ankandiseka kuti ndine Anatembo wachiwiri, ndipo mwina adzachita kundikwiyitsa.

Sanachite kundikwiyitsa. Miyendo itawakana anasiya msika, ndipo ine ndi amene ndinkawasambitsa m'mawa. Tsiku lina ndikuwatsuka kumsana, msana utatsala mafupa okhaokha, anandifunsa osatembenuka kuti, “Amake Tereza, ndine yani ine?” Ndinadziwa kuti sanasokonezeke mutu. Ndinalitchula, motsitsa, nkhope ili kumbali. Anayankha kuti “Ee” ndi mawu aang'ono, ngati kamtsikana koitanidwa ndi mayi ake, kenaka n'kundikalipira kuti madzi azizira. Anamwalira mvula itangoyamba, m'nyumba mwawo, masana, atadya phala lawo lonse. Sindinaonepo munthu wopita mokhutira chotero, ndipo ndimawasowa tsiku lililonse.

Miyezi yawo yomaliza ankakhala pa sitepe ya khomo la kumbuyo, pamene dzuwa la m'mawa limafika, atatsamira khoma. Pakhomapo patsala chizindikiro chakuda cha mafuta a m'mutu mwawo, chotsika kwambiri, poti anali wamfupi. A Yohane akhala akunena zopaka laimu, koma sanagulebe. Ana amadutsa cha m'mbali akamatuluka, popanda wowauza.

Sabata yatha kunabwera nkhalamba ina ya ku Matero, ndi ndodo, itafunsira njira kumsika. Inkafuna mayi uja wa fodya wofunsa mafunso, chifukwa inali itakumbukira kanthu kena ka ku Kamphanje. Nditaiuza kuti anamwalira, inavula chipewa n'kuima nthawi yaitali ikuyang'ana pa sitepe paja. Kenaka inati zaka zonsezi mayiyo ankaifunsa za kwawo, za makolo ake, za mtsinje wake, koma iyo sinamufunsepo kanthu, ndipo ngati sikulakwa, kodi malemuwa dzina lawo anali ndani.

“Sesiliya,” ndinatero, osatsitsa mawu. “Sesiliya, mwana wa Tisiyenji.”

Ndinaitengera mpando m'nyumba. Pa sitepe paja sinafune kukhalapo.